Ambuye Patrick Kalilombe: episkopi amene adataya mpando chifukwa cha miphakati

Mkatolika aliyense m'Malawi muno amadziwa kuti ukafuna kubatizitsa mwana kapena kumangitsa ukwati, suthamangira kwa bambo mfumu. Umayamba wakumana ndi wapampando wa mphakati wako, kagulu ka mabanja achikatolika oyandikana amene amapemphera pamodzi. Iyeyo ndiye amadziwa ngati umabwera ku mapemphero a m'kati mwa sabata, ngati mtulo wa chaka chino udapereka, ndiponso ngati umaoneka pa maliro a anzako. Achinyamata ambiri amaona ngati zinthu zidayamba kale choncho kuchokera nthawi ya amishonale oyamba. Ayi ndithu. Dongosolo limeneli langopitirira pang'ono zaka 50, ndipo mmodzi mwa anthu amene adalilimbikira kwambiri, Ambuye Patrick Augustine Kalilombe, adalilipirira ndi mpando wawo wa uepiskopi komanso zaka pafupifupi 20 zokhala kunja kwa dziko lawo.

A Kalilombe adabadwa mu 1933 ku Mua, m'boma la Dedza, kunsi kwa mapiri otsikira ku nyanja. Malowa ali ndi mbiri yake. Ansembe a bungwe la Missionaries of Africa, amene anthu adawazolowera kuti Abambo Oyera chifukwa cha mikanjo yawo, adatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri mishoniyo idalimbana kwambiri ndi eni Gule Wamkulu pa nkhani ya ana: kodi apite ku sukulu ya mishoni kapena ku dambwe? Mwana wokulira ku Mua m'zaka za m'ma 1930 ankakhala pakati pa mbali ziwirizi tsiku ndi tsiku. Kudera lomweli n'kumene kudachokera a Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu 1937, amenenso adadzakhala episkopi woyamba wachimalawi, ku Dedza, mu 1957. Choncho mnyamata wa ku Mua sankafunika kuuzidwa kuti munthu wakuda angathe kuimirira pa guwa. Adaziona ndi maso.

Njira ya unsembe masiku amenewo inali yaitali ndipo ambiri ankagwera m'njira. Mnyamata ankayamba ku seminale yaing'ono, kumene ankaphunzira maphunziro wamba pamodzi ndi Chilatini, chifukwa Misa ndi mabuku a zaumulungu zonse zinali m'chinenero chimenecho. A Kalilombe adadzera ku Kasina, kenako ku seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji, m'malire ndi Zambia, imene inkaphunzitsa anyamata a mayiko onse awiri. Apa m'pamene adasankha njira yosiyana ndi anzawo. Ansembe a Katolika ali m'magulu awiri. Ena ndi a dayosizi: amalonjeza kumvera episkopi wa kwawo ndipo amagwira ntchito m'dayosizi imeneyo moyo wawo wonse. Ena amalowa m'mabungwe okhala ndi malamulo ndi akuluakulu awoawo, ndipo angathe kutumizidwa kulikonse. Amalawi onse amene adatsogola ankakhala ansembe a dayosizi. A Kalilombe adapempha kulowa bungwe la Abambo Oyera lenilenilo, ndipo adakhala Mmalawi woyamba kutero.

Zimenezi zidawatengera kumpoto kwa Africa, kumene bungweli lidabadwira. Charles Lavigerie, arkiepiskopi wa Algiers, ndiye adaliyambitsa mu 1868, ndipo nyumba zake zophunzitsira zinali ku Algeria ndi ku Tunisia. Taganizirani nthawi yake: Tunisia idalandira ufulu mu 1956, ku Algeria nkhondo yolimbana ndi Afalansa inali itabuka mu 1954, kwathu kuno anthu anali kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mnyamata wa ku Nyasaland ankaphunzira zaumulungu pakati pa anzake achizungu, m'mayiko a Asilamu amene anali kuthothola atsamunda. Adadzozedwa unsembe mu 1958, nkupita ku Roma kukapitiriza maphunziro a zaumulungu ndi a Baibulo, m'nyengo yomwe Papa John XXIII adalengeza zoti aitanitsa msonkhano waukulu wa maepiskopi a dziko lonse lapansi.

Msonkhano umenewo, Vatican Wachiwiri, udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, ndipo sitingamvetse a Kalilombe popanda msonkhanowu. Anthu ambiri amaukumbukira chifukwa udaloleza Misa m'zinenero zathu, wansembe nkutembenukira kwa anthu, ng'oma nkulowa m'tchalitchi. Koma kusintha kozama kunali pa funso loti Mpingo ndi chiyani. Kale anthu wamba ankamva ngati Mpingo ndi Papa, maepiskopi, ansembe ndi asisitere, iwo nkumangobwera kudzalandira masakramenti. Msonkhanowu udatsindika kuti Mpingo ndi mbumba yonse ya Mulungu, ndipo aliyense wobatizidwa ali ndi gawo pa ntchito yake. Atabwerera kumudzi, a Kalilombe adaphunzitsa Baibulo ku Kachebere ndipo pambuyo pake adakhala mkulu wa seminaleyo. Ansembe ambiri a m'badwo umenewo, a ku Malawi ndi a kum'mawa kwa Zambia, adadutsa m'manja mwawo.

Wansembe safunsira uepiskopi ngati ntchito ya m'boma, ndipo akhristu savota. Mpando ukakhala wopanda munthu, kazembe wa Papa, amene pa nthawiyo ankakhala ku Lusaka nkumayang'anira Zambia ndi Malawi, amafufuza mwachinsinsi. Amalembera maepiskopi, ansembe ena ndi akhristu ena odalirika, kufunsa za khalidwe, chikhulupiriro, thanzi ndi luso la utsogoleri la anthu amene akuganiziridwa. Wofunsidwa saloledwa kuulula ngakhale zoti wafunsidwa. Kazembeyo amatumiza mayina atatu ku Roma, ku ofesi yoyang'anira mayiko a mishoni, ndipo Papa ndiye amasankha. Wosankhidwayo amafunsidwa ngati akuvomera nkhani isanalengezedwe. Pa tsiku la mwambo, maepiskopi osachepera atatu amamusanjika manja, buku la Mthenga Wabwino limatambasulidwa pamutu pake, amadzozedwa mafuta oyera, nkupatsidwa mphete, chisoti ndi ndodo ya ubusa. Mu Meyi 1972 Papa Paul VI adasankha a Kalilombe kukhala episkopi wa Lilongwe, kulowa m'malo mwa Ambuye Joseph Fady, mmishonale wa ku France, ndipo adadzozedwa mu Ogasiti chaka chomwecho asanakwanitse zaka 40. Anali Mmalawi woyamba kukhala pa mpando umenewo.

Dayosizi imene adailandira inali yaikulu: Lilongwe, Mchinji, Dowa, Ntchisi, Salima, Nkhotakota mpaka Kasungu. Kayendetsedwe kake kanali kamene amishonale adasiya. Pakati pamakhala mishoni, yokhala ndi tchalitchi chachikulu, nyumba ya ansembe, sukulu, mwina chipatala ndi chigayo. Kutali kumakhala timatchalitchi ta nthambi, tina tofolera ndi udzu. Wansembe ankafika kumeneko pa njinga yamoto mwina kamodzi pa mwezi, kwina patapita miyezi ingapo, makamaka nthawi ya dzinja milatho ikakokoloka. Akafika ankamvetsera olapa mpaka usiku, m'mawa nkuchita Misa, kubatiza ana, kuweruza milandu ya maukwati, kulemba m'kaundula, nkunyamuka. Masabata ena onse katekisiti ndiye ankatsogolera mapemphero. Ndalama zomangira, galimoto, ngakhale ansembe ambiri, zonse zinkachokera ku Ulaya ndi ku Canada. Dongosololi lidabala akhristu ambirimbiri, zimenezo n'zosatsutsika. Koma lidawazoloweretsanso kudikira. Denga la tchalitchi likadontha, anthu ankati abambo akabwera tiwauze.

A Kalilombe adaona kuti zimenezi sizingapitirire. Chiwerengero cha akhristu chinkakula msanga kuposa cha ansembe, ndipo amishonale achizungu anali kukalamba pamene kwawo anyamata olowa unsembe anali kuchepa. Mu 1973 adalemba kalata kwa akhristu a dayosizi yawo yofotokoza Mpingo umene ankaufuna: wodzitumikira wokha, wodzifalitsa wokha ndi wodzidalira pa chuma. Mawu amene adamveka paliponse anali akuti Mpingo ndife tonse. Kenako adaitanitsa sinodi ya dayosizi, msonkhano wokambirana za kayendetsedwe ka Mpingo, imene idayenda kuyambira 1973 mpaka 1975. Chachilendo pa sinodiyo chinali choti sinali ya ansembe okha otsekerana m'chipinda. Mafunso ankapita kumidzi, anthu nkukambirana m'magulu ang'onoang'ono, nthumwi zawo nkutengera mayankho ku parishi mpaka ku dayosizi. Mlimi wa fodya wa ku Dowa ndi mayi wa ku Nkhotakota ankafunsidwa maganizo awo pa za kayendetsedwe ka Mpingo, m'Chichewa, ndipo zimene anena zinkalembedwa.

Chipatso chachikulu cha sinodiyo chinali mphakati, umene madera ena amautcha limana. Mabanja oyandikana, ochepa moti onse amadziwana mayina, amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo. Mphasa zimayalidwa pansi pa mtengo, amayi mbali ina, abambo pa timipando, wina amawerenga Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, ndipo aliyense ali ndi ufulu wonena zimene wamva. Akatha amakambirana za pamudzi: ndani akudwala, ndani wasiya kupemphera, banja liti likugwedezeka, nkhalamba iti ilibe wofolera nyumba. Amasankha okha wapampando, mlembi, msungichuma, wophunzitsa ana katekisimu, alangizi a mabanja ndi oyendetsa maliro. Cholinga sichinali kungogawa parishi m'zigawo kuti mtulo utoleredwe mosavuta. Chinali choti moyo wachikhristu uzichitikira komwe anthu amakhala, wansembe akhale wolumikiza ndi wophunzitsa atsogoleriwo, osati mwini zonse.

Maganizowa sadathere ku Lilongwe. Bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, AMECEA, lidakambirana za timagulu totere ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 lidagwirizana kuti ndiyo ikhale njira yoyamba ya ubusa m'mayiko onse a bungwelo, kuphatikizapo Kenya, Tanzania, Uganda, Zambia ndi Malawi. A Kalilombe anali mmodzi mwa anthu amene mawu awo adalemera pa zokambiranazo.

Tsono apa m'pamene nkhani idavutira, ndipo kuti timvetse tiyenera kukumbukira Malawi wa zaka zimenezo. Kuyambira 1966 dziko linali la chipani chimodzi, Malawi Congress Party, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Chipanicho chinali ndi nthambi mpaka kumudzi, iliyonse ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma wake. Popanda khadi la chipani munthu ankabwezedwa pa chipata cha msika kapena pokwera basi. Ayufi ndi apayoniya anali maso ndi makutu a boma. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula makhadi, adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa. Ndiye m'dziko lotero, m'chigawo chapakati chomwe chinali phata la chipani, mumzinda umene udangosanduka likulu mu 1975, mukutulukira episkopi wachinyamata, wophunzira kwambiri, akukhazikitsa timagulu m'mudzi uliwonse. Timaguluto tili ndi atsogoleri osankhidwa ndi anthu, tili ndi thumba la ndalama, timakumana nthawi ndi nthawi popanda wa chipani kuitanitsa, ndipo anthu akuphunzira kufunsa mafunso ndi kuyankhula momasuka. Kwa akuluakulu a chipani, amenewa anali atambala awiri m'khola limodzi.

Kodi mantha awowo anali opanda pake? Pa mbali yoti a Kalilombe ankafuna kuyambitsa chipani chandale, analidi opanda pake. Zolinga zawo zinali za Mpingo, ndipo zolemba za sinodi zinali poyera. Koma ine ndimaona kuti achipani adanunkhiza chinthu chenicheni. Ulamuliro wa munthu mmodzi umadalira kuti anthu asazolowere kusankha, kufunsa ndi kugwirizana paokha. Munthu amene waphunzira kufunsa msungichuma wa mphakati kuti ndalama za masika zapita kuti, tsiku lina adzafunsanso za ndalama za makhadi. Mphakati sunkalalikira ndale, koma unkaphunzitsa zizolowezi zimene ndale za nthawiyo sizikadazilola.

Chaka cha 1976 chinali choopsa kwa aliyense wooneka kuti ali ndi anthu pambuyo pake. Ophunzira ambiri anali m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ngakhale Albert Muwalo, mmodzi mwa anthu amphamvu kwambiri m'chipani, adamangidwa chaka chomwecho nkudzanyongedwa mu 1977. M'chaka chimenecho a Kalilombe adakakamizika kutuluka m'dziko. Anali atatsogolera dayosizi yawo zaka zinayi zokha. Mpingo sudachite phokoso. Kudalibe kalata yowerengedwa m'matchalitchi onse yotsutsa zimene zidachitikazo. Ena amati kunali kusamala, poti Mpingo unali ndi sukulu, zipatala ndi amishonale ambiri amene boma likadatha kuwapitikitsa tsiku limodzi. Ena amati anali mantha basi. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, koma chotsatira chake n'choti boma lidaphunzira kuti lingathe kuchotsa episkopi popanda chochitika, ndipo padapita zaka 16 maepiskopi asanayankhule poyera.

Kwa zaka zitatu adakhalabe episkopi wa Lilongwe pa dzina, ali kunja. Dayosizi singakhale choncho mpaka kalekale: pamafunika wodzoza ansembe, wopereka ulimbitso, wosamutsa ansembe ndi wosaina zikalata. Kumapeto kwa 1979 adatula pansi udindo ali ndi zaka 46, pamene masiku ano lamulo la Mpingo limapempha episkopi kutero akafika zaka 75. Ambuye Matthias Chimole adasamutsidwa kuchokera ku Zomba kudzakhala pa mpandowo. Chaka chomwecho maepiskopi a AMECEA adakumana ku Zomba kuunika momwe ntchito ya miphakati ikuyendera, m'dziko lomwelo limene mmodzi mwa oyambitsa ake sankatha kukhalamo. Tinene pano kuti kutula pansi udindo sikuchotsa uepiskopi. M'chiphunzitso cha Katolika udzozi sufafanizika, choncho adakhalabe Ambuye Kalilombe mpaka imfa, kungoti analibe dayosizi.

Munthu wina akadangokhala phee ku nyumba ya bungwe lake nkumadandaula. Iwo adabwerera ku sukulu. Adapita ku Berkeley, ku California, kumene adachita maphunziro a udokotala, ndipo kafukufuku wawo anali pa nkhani yomweyo imene idawapitikitsa: kusiyana kwa dongosolo la nthambi za mishoni ndi la miphakati m'dayosizi ya Lilongwe. Pambuyo pake adakhazikika ku Birmingham, ku England, pa makoleji a Selly Oak, kumene adaphunzitsa ndi kutsogolera Centre for Black and White Christian Partnership. Malo amenewa ankalumikiza mipingo yakale ya ku Britain ndi mipingo ya anthu akuda ochokera ku Caribbean ndi ku Africa, yambiri yachipentekoste kapena yoyambitsidwa ndi Aafrika eni ake. Episkopi wa Katolika kumaphunzira ndi kuphunzitsa pamodzi ndi abusa a timipingo topempherera m'maholo obwereka, sichinali chinthu chozolowereka. Koma kwa munthu amene ankakhulupirira kuti zaumulungu zimayambira kwa anthu wamba, panalibe chodabwitsa.

M'zolemba zawo mumabwerabwera mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yoti kuganizira za Mulungu si ntchito ya ophunzira okha. Mayi wosadziwa kuwerenga amene akulimbana ndi funso loti chifukwa chiyani mwana wake wamwalira pamene iye amapemphera, akuchita zaumulungu, ndipo ntchito ya wophunzira ndi kumumvetsera ndi kumuthandiza, osati kumubweretsera mayankho a mafunso amene iye sadafunse. Buku lawo lodziwika, Doing Theology at the Grassroots, limene lidatuluka mu 1999, lili pa mfundo imeneyi. Yachiwiri ndi yokhudza chipembedzo cha makolo. Ankakana maganizo oti makolo athu anali mu mdima wokhawokha amishonale asanafike. Potengera Baibulo lomwe, ankati Mulungu anali kugwira kale ntchito pakati pa anthu a mitundu yonse, ndipo nsembe, mapemphero ndi malamulo a makolo ziyenera kuunikidwa mwaulemu, osangotayidwa. Kwa mwana wa ku Mua, kumene mishoni ndi dambwe zidayang'anizana kwa nthawi yaitali, limeneli silinali funso la m'buku chabe.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula kupanda chilungamo, umphawi ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu idawerengedwa m'matchalitchi onse a m'Malawi. Boma lidakwiya, maepiskopi adafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adapitikitsidwa m'dziko. Koma ulendo uno zinthu sizidathe ngati mu 1976. Ophunzira adaguba, mipingo ina idaikira kumbuyo kalatayo, mu Juni 1993 anthu adavotera zipani zambiri, ndipo mu 1994 boma lidasintha. A Kalilombe sadasaine nawo kalata imeneyo, anali ku Birmingham. Sindinganene kuti miphakati ndiyo idagwetsa chipani chimodzi, poti zifukwa zinali zambiri, kuphatikizapo kutha kwa mkangano wa mayiko a azungu akum'mawa ndi akumadzulo komanso kuimitsidwa kwa thandizo lakunja. Komabe kalatayo idagwera pa akhristu amene kwa zaka zoposa 15 anali atazolowera kukhala pansi, kumva mawu owerengedwa ndi kukambirana tanthauzo lake pa moyo wawo.

Nanga miphakati ya lero ndi imene iwo ankailota? Mbali ina inde. Palibe parishi m'Malawi imene ingayende popanda iyo, ndipo pa matenda ndi pa maliro mphakati ndiwo umafika msanga kuposa wina aliyense. Matchalitchi ambiri atsopano amangidwa ndi ndalama za akhristu eni ake. Koma mbali ina yapotoka. M'malo ambiri msonkhano wa mphakati wasanduka wolengeza zopereka: za galimoto ya parishi, za seminale, za mpanda, za phwando la jubile, ndipo nthawi ya Mawu a Mulungu imangotsala yochepa. Amene amabwera mokhulupirika ndi amayi, abambo amaonekera pakakhala chisankho kapena akafuna kalata. Kwina wapampando wasanduka mlonda wa pachipata, woti akapanda kusaina ndiye kuti maliro a m'bale wako sayimbiridwa. Kudzidalira pa chuma kwakula msanga kuposa kudzitumikira, ndipo funso limene sinodi ya 1973 idayamba, loti akhristu wamba ali ndi mawu otani pa zosankha za parishi ndi za dayosizi, silinayankhidwebe mokwanira.

A Kalilombe adabwerera kumudzi ndale za zipani zambiri zitayamba. Sadapatsidwenso dayosizi. Adakhazikika ku Zomba nkumaphunzitsa pa Chancellor College, mu dipatimenti ya zaumulungu ndi zipembedzo, kumene ophunzira awo anali a mipingo ndi zipembedzo zosiyanasiyana, Apresibeteriya, Aangilikani, Abaptisti, Asilamu ndi Akatolika, ambiri a iwo obadwa a Kalilombe atachoka kale m'dziko. Dayosizi yawo yakale ya Lilongwe idakwezedwa kukhala arkidayosizi mu 2011, ndipo iwo adamwalira chaka chotsatira, mu Seputembala 2012, ali ndi zaka 79.